Bowo lachisanu la volovolo ya Mpwitikizi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pamaliro. Ndinali nditangofika ku Manja kuchokera ku Nsanje, mkazi ali woyembekezera, ine ndikungozungulira m'mafakitale a ku Makata ndi khadi la chipani m'thumba, alonda n'kumandibweza pageti. Tsiku lina kumanda khasu la adzukulu linaguluka, ine n'kulikhomera bwinobwino. Mkulu wina wa diso limodzi la ng'ala anandiyang'anitsitsa. Anali bambo Zuze, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo ankakonza mfuti kuseri kwa sitolo ya mzungu wina ku Limbe. "Ubwere Lolemba m'mawa," anatero, osandifunsa n'komwe za sukulu.

Anandiphunzitsa zaka ziwiri, mokalipa koma mosabisa kanthu. Pabenchi pathu panali vaisi yopanira zitsulo, tupa wamkulu ndi wamng'ono, masikuludiraiva, kandodo kamkuwa kotsukira mpope wa mfuti, mafuta ndi nsanza. Mfuti ikabwera tinkayamba kuchotsa zipolopolo, kenako n'kufananiza nambala yake ndi chilolezo cha kupolisi. Volovolo inali ndi mwambo wakewake. Ili ndi silinda ya mabowo asanu ndi limodzi, ndipo bowo lililonse liyenera kuima moyang'anizana ndi mpope. Umakoka hamala, kachitsulo komenya chipolopolo, pang'onopang'ono, chala chikugwira silinda, n'kumvetsera kuti ikhome hamala isanafike kumbuyo. Bowo likachedwa, chipolopolo chimakhula m'mphepete mwa mpope, tizidutswa ta mtovu n'kuthethekera m'mbali. "Ukakoka mothamanga, mfuti imakunamiza," ankatero bambo Zuze. Mfuti yokayikitsa tinkaimanga pavaisi n'kuiwombera ndi chingwe, titabisala kuseri kwa matumba a mchenga. Imene aivomereza ankaiwomba ndi dzanja lawo.

Nthawi imene Apwitikizi ankasamuka ku Mozambiki, ambiri ankadutsa ku Limbe akugulitsa katundu motchipa. M'mawa wina kunafika a Fombe, mlenje wa ng'ona wa ku Chikwawa, atatenga volovolo yakale ya ku Amereka, yamphamvu kwambiri, ya mtundu wotchedwa maginamu. Mwini wake, Mpwitikizi wina, ankadikira m'galimoto panja, ndipo a Fombe ankafuna yankho tsiku lomwelo: agule kapena asiye.

Ndinapatsidwa ine kuti ndiitsuke. Inali yokongola, chigwiriro chathabwa chosalala, mpope woyera m'kati. Koma nditakoka hamala monga anandiphunzitsira, bowo lachisanu linachedwa. Ndinabwereza katatu. Linachedwabe.

Nditabwera nayo pabenchi ndinapeza akuluakuluwo atapsa macheza m'Chisena, akukumbutsana za ng'ona za mu Shire. A Fombe ankati Blantyre yense palibe wodziwa mfuti kuposa bambo Zuze, ndipo mkuluyo nkhope inali itawala. Analandira volovolo ija, n'kukoka hamala kasanu ndi kamodzi mothamanga, uku akuseka.

"Iyi ndiye mfuti, a Fombe. Gulani."

Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kwathu sutsutsa mkulu pamaso pa mlendo, makamaka mlendo amene wangomutamanda kumene. Ndinati mumtima, mlendoyu akatuluka kukaitana mwini mfuti, ndiwanong'oneza. Koma a Fombe sanatuluke. Anapempha kuti aimve kulira kwake kaye. Zipolopolo ndinabweretsa ndine, ndi manja angawa, ndikudzinyenga kuti mwina bowolo silinachedwe kwenikweni.

Kuseri kuja bambo Zuze anaika mkono pathumba la mchenga, n'kupendeketsa mutu pafupi ndi silinda, monga ankachitira kuti aone ndi diso lawo labwino. Zipolopolo zinayi zoyamba zinatuluka bwino, a Fombe akuwomba m'manja. Chachisanu chitalira, mkuluyo sanakuwe. Anaika mfutiyo pansi mosamala, italoza kumchenga, kenako n'kugwira kumaso. Magazi anatulukira pakati pa zala.

Mpwitikizi anatenga mfuti yake n'kumapita. Ine ndinakhala masiku atatu osalimba mtima kupita kuchipatala. Tsiku lachinayi ndinawapeza atakhala pabedi, maso onse awiri atamangidwa, mayi akunyumba akuwamwetsa tiyi. Anandizindikira ndi mayendedwe.

"Unaitsuka ndiwe. Bowo lachisanu unaliona?"

"Ndinaliona, bambo."

Ndinkafuna anditukwane, andimenye ndi kapu ya tiyi ija, koma analankhula motsitsa mawu.

"Mwana wanga, ukanandichititsa manyazi, bwenzi lero ndikukuona nkhope pokukalipira."

Mtima wanga unasweka tsiku limenelo, ndipo sunabwererenso m'malo mwake. Mzungu wa sitolo uja anandipatsa benchi la bambo Zuze, ine n'kuligwirira zaka zambiri, koma sindinalikondepo ngakhale tsiku limodzi. Munthu akandifunsa ngati volovolo yakale ndi yoyenera kugula, ndimati zilipo zolimba kuposa zatsopano, koma ayese bowo lililonse pang'onopang'ono, ndipo kuwomba koyamba kukhale kwa chingwe. Ndipo chimene ndaona ndimachinena pomwepo, kaya pali mlendo, kaya pali bwana. Ena amati ndine wamwano, ine ndimangovomera.

Bambo Zuze anakhala zaka zisanu ndi zinayi ali mumdima kwawo ku Bangwe. Loweruka lililonse ndinkapita kukawameta ndevu, ndipo ankandipatsa khosi lawo ndili ndi lezala m'manja, osatchulanso za mfuti ija.