Msau wa amai Delfina ndi anthu a malaiti

Amai Delfina a ku Kavalamanja, inu, mawu akuti "sitidziwa" sawamva. Malemu amuna awo anawasiyira ana anayi ndi mtengo umodzi wa masau pakhomo, ndipo masau amenewo ndiwo aphunzitsa anawo sukulu.

Chaka chomwe mapolo a malaiti anafika kuno, amaiwa anapeza mtengo wawo atauthira penti yofiira, kusonyeza kuti udulidwa kuti padutse nthambo. Anafunsa anyamata okumba maenje kuti mwini nthambozi ndani.

"Ife ndi aganyu chabe, amai."

Amai Delfina anapalasa njinga mpaka ku Boma. Ofesi ina inati ndi za kontrakita, ina inati mubwere Lolemba. Anabwerako ali fumbi lokhalokha, koma mumtima akuti kampani yopanda mwini kulibe.

Tsono dzuwa la kuno ku Feira mukulidziwa. Masana alionse anyamata aja ankathawira pansi pa msau womwewo, n'kumamwa madzi a mumtsuko wa amaiwa. Amaiwa atabwerako ku Boma, anyamatawo anapeza mtsuko walowa m'nyumba.

"Amai, timweko."

"Madzi alipo, ana anga. Koma ayambe kumwa ndi amene anakutumani."

M'mawa mwake galimoto inaima pakhomo, munatuluka bwana injiniya thukuta lili kamukamu, dzina la kampani pachifuwa. Amai Delfina anamukhazika pamthunzi, anamupatsa madzi ndi masau m'mbale, kenako anamulozera penti ija.

Pitani mukaone nokha, nthambo zinakhota pang'ono pakhomo pawo. Masauwo ndinatolako dzulo, koma musakawauze amaiwo.