Tsiku limene ababa anakhala pabokosi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ababa anandilola kulowa kuseri kwa nyumba yathu ku Chinamwali, kumene anyamata ankanyamulira zitsulo. Sizinali zitsulo zogula ayi. Zinali zitini za penti zodzaza ndi simenti, zolumikizidwa ndi mpaipi. Ababa ankapalasa kabaza, koma pa unyamata wawo ankanyamula zitsulo mwakuti anthu ankachoka ku Mbedza kudzawaonera.

Ine ndinali mtsikana ndekha pagulupo. Ndinkafunitsitsa kunyamula mpaipi uja, koma ababa anandiimika kutsogolo kwa bokosi la matabwa a paini ochokera kuphiri, lalifupi losafika n'komwe m'mawondo.

"Wonyamula zitsulo amayamba ndi kudumpha," anatero. "Dumphira apa."

Ndinanjuta mpaka matako kugunda zidendene, ndikuganiza kuti mphamvu zimachokera pansi penipeni. Podzuka ndinali wolemera ngati thumba la chimanga, ndipo ndinatera pabokosipo ndi phokoso. Anyamata anaseka. Ababa sanaseke. Anandisuntha, n'kupinda mawondo awo pang'ono chabe, ngati munthu wofuna kukhala pampando wautali, manja kumbuyo, kenaka anali kale pamwamba. Sindinamve kugunda kulikonse.

"Waona, Thoko? Ukatsika kwambiri, mphamvu zimathera pansi. Pinda pang'ono, unyamuke msanga. Ndipo utere mmene unanyamukira. Ukatera chonjuta, ndiye kuti bokosi lakukulira."

Zinakhala choncho miyezi yambiri. Madzulo alionse akaweruka, thukuta lisanaume, ankayamba ndi iwo kudumpha kuti ndione, kenaka ine. Nkhungu ikatsika m'phiri, matabwa ankaterera, ndipo ankawapukuta ndi malaya awo.

Kenaka miyendo yawo inayamba kutupa. Nsapato zinasiya kulowa. Kabaza anamubwereketsa kwa mnzawo, koma kuseri kuja sanasiye kupitako.

Tsiku lina m'nyengo yozizira anaima kutsogolo kwa bokosi monga mwa masiku onse. Anapinda mawondo, manja kumbuyo. Tonse tinadikira. Anakhala chopindacho, miyendo ikunjenjemera, koma mapazi sanachoke pansi. Anayesanso. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kukhala pabokosipo, akupuma movutikira. Anyamata anayang'ana kumbali. Wina anayamba kupukuta mpaipi umene sunali wonyowa.

"Ababa, tiyeni m'nyumba," ndinatero.

"Sitinamalize. Ndipatse mpando."

Ndinawabweretsera mpando wa m'khitchini. Anasamukira pamenepo, n'kundiitana kuti ndiime pafupi. Anaika dzanja lawo kumbuyo kwa ntchafu zanga, m'malere.

"Tsika mpaka ukhudze dzanjali. Ukangolikhudza, dumpha."

Dzanjalo linali lozizira. Ndinatsika, ndinalikhudza, ndinadumpha. Misozi inkanditchinga maso moti bokosilo sindinkaliona bwino, komabe ndinatera mwakachetechete.

"Eya, ndi mommo," anatero. "Bwerezanso."

Kuyambira pamenepo ankandiphunzitsa ali pampando. Mawu awo anachepa mphamvu, mwakuti nthawi zina ankangokweza chala posonyeza kuti ndatsika kwambiri. Kuchipatala anati ndi impso. Mvula itayamba anagonekedwa, ndipo sanabwererenso kunyumba ndi moyo. Pamaliro pawo anyamata a zitsulo aja ndi amene ananyamula bokosi la maliro mpaka kumanda, ndipo sanalole kuti wina awalandire panjira.

Patapita nthawi, amayi anandiuza kuti adokotala anali atawaletsa kalekale ababa kudumpha, ngakhale kuima nthawi yaitali. Amayiwo akawadandaulira, ababa ankangoti, "Mwanayu sanagwire bwino. Akapweteka mawondo ndine wolakwa."

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndimaphunzitsa atsikana kunyamula zitsulo kuno ku Zomba. Ndanyamulapo zolemera zimene ababa sanazionepo, koma mawondo anga sanandivutepo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti madzulo aja ababa anachita manyazi pamaso pa anyamata, ndipo ndinkawamvera chisoni chifukwa cha zimenezo. Tsopano ndikudziwa kuti akanatha kukhala m'chipinda, kuti tiziwakumbukira ali amphamvu. Anasankha kuti tiwaone akufooka, bola mwana wawo asatsale asanaphunzire. Ndinali ndi mafunso ambiri oti ndiwafunse ndikadzakula. Iwo anadziwa kuti sadzakhalapo, ndipo anayankhiratu limodzi lokha limene akanatha.