Chammwamba ndi Tsempho la Mlongo Wanga

Kabotolo kabulauni kotsekera ndi chitsononkho: amayi ankakabisa m'udzu wa denga, ndipo akakatsegula nyumba inkamveka fungo la msipu wosenga kumene. Munali ufa wa masamba a chammwamba. Chinali chaka cha njala yaikulu ija, ine ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, abambo ali kumigodi ya ku Joni chaka chachiwiri.

Mlongo wanga wamng'ono, amene anali atangosiya kuyamwa, anayamba kutupa. Ukadina phazi lake ndi chala, dzenje linkatsala pomwepo. Tsitsi linafiira n'kumasosoka. Lero ndikudziwa kuti inali njala basi, mwana wodya phala la madeya lokhalokha. Koma kwathu kumapiri a ku Nzama, mwana akatupa choncho ankati ndi tsempho: mayi wake wagona ndi mwamuna wina, kenako n'kuthira mchere m'ndiwo.

Amalume anabwera, nakhala pakhonde osalandira ngakhale madzi akumwa. "Ulula, mlongo wanga," ankatero. "Mankhwala a tsempho sagwira mwini wake asanaulule." Amayi anakana, analumbira mpaka mawu kusasa.

Aphunzitsi athu anali munthu wa kuchigwa, ku Kasinje, kumene chammwamba chimamera ngakhale mumpanda. Kwathu kozizira sichinkadziwika. Anatsika wapansi kwawo, nabwerako ndi mtolo wa masamba. "Yanikani pamthunzi, musinje, muzithira m'phala lake. Kwathu ana amakulira zomwezi." Amalume atamva anakalipa kuti masamba a mtengo n'chakudya cha mbuzi, asaonenso masambawo pakhomopo. Choncho tinkasinja mobisa kuseri kwa nkhokwe yathu yopanda kanthu. Ufawo unali wowawirako, woyabwa kukhosi, komabe ine ndinkanyambita musi, nthawi zina n'kutapako kumbali. Ndinkabera mwana wodwala, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Koma masamba sachiritsa tsiku limodzi. Patapita masiku asanu mwana uja anasiya ndi kulira komwe, maso atatsekeka ndi kutupa. Amayi anam'yang'ana nthawi yaitali, kenako anakagwada pamaso pa amalume ndi amayi akuluakulu a m'mudzi.

"Inde, ndinachimwa."

Atafunsidwa kuti ndi yani, anati wapaulendo, dzina sakulidziwa. Linali bodza. Chichokereni abambo, ine ndinkagona nawo mphasa imodzi. Koma mayi amene mwana akumufera m'manja sasankha mankhwala, amafuna onse. Amalume anakakumba mizu yawo, mwana anamwetsedwa ndi kusambitsidwa. Amayi sanaleke kuthira ufa wobiriwira uja m'phala, ndipo aphunzitsi anatsikanso kuchigwa kawiri.

Masabata atatu atatha, kutupa kunaphwa. Tsiku lina mlongo wanga anandilanda kachidutswa ka mbatata n'kukaponya m'kamwa. Ndinathamanga mudzi wonse ndikulengeza.

"Mwaonatu," anthu ankauzana, "waulula, mwana wachira." Sabata yomweyo amalume analembetsa kalata yopita ku Joni.

Amayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudyetsa mlongo wanga, misozi ikugwera m'mbale ya phala. Ndinawafunsa mokwiya kuti akuliranji pamene mwana wachira. Anangopitiriza kumudyetsa. Sindinkadziwa kuti kuchira kwakeko ndiko kunawatsimikizira anthu mlandu umene amayi sanapalamule, ndi kuti abambo akadzawerenga kalata ija sadzabweranso.