Chingwe cha m'Sewero la Wakuba Ng'ombe

Ndinadandaula koyamba Loweruka lotsatira mvula yoyamba ya 1994. Kalata ya dandaulolo, yopita ku komiti ya gulu lathu, ndinailemba ndi kaboni pansi, ndipo kope lake lili pano, pamodzi ndi makope a makalata ena asanu amene anatsatira. Palibe imene inayankhidwa.

Ku Kanakantapa tinali ndi gulu la zisudzo, ine ndili mlembi wake. Tinkasewera pabwalo Lamlungu masana, anthu akatuluka m'tchalitchi. Lamulo lachinayi m'buku lathu linkati munthu watsopano asalowe m'gulu asanalime ndi kukolola kamodzi pakati pathu. Sitinaliike mwachabe. M'dera lija tinachokera kosiyanasiyana, osadziwana makolo. Amene ankasewera ngati chidakwa tonse tinkamudziwa kuti ndi dikoni, ndiye anthu ankaseka n'kubwerera kwawo. Koma mlendo alibe mbiri ina. Chimene anthu ayamba kumuona akuchita n'chimene amamusungira.

Mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera kum'mawa ndi mkazi wake, ndipo ndinawapezera munda pafupi ndi wanga. Anali wamtali, wa mawu aakulu. Atangokhala milungu itatu, tcheyamani wa gulu anamumva akuimba pozula zitsa, n'kumufuna pa sewero la wakuba ng'ombe, poti amene ankatenga mbali ija anali atapita ku Lusaka. Ndinatsegula buku, ndinaloza lamulo ndi chala.

"Ba mlembi, pepala siimaseketsa anthu," anatero tcheyamani. "Nifuna munthu wamene azabaopsa."

Mwana wa mlongo wanga naye anandiseka. "Amalume, ni masewera chabe."

Anasewera bwino mopitirira. Analowa m'bwalo chowerama, chingwe chili m'manja, akuliza kamluzu kapansipansi kamene ng'ombe zimatsatira. Anavala chipewa chake chofiira, chomwecho chimene ankavala kumunda tsiku lililonse. Palibe amene anaseka. Ndinaona mayi wina akukokera mwana wake pafupi, ndipo bambo amene anakhala kumbuyo kwanga anafunsa mnzake kuti munda wa munthu ameneyu uli mbali iti. Kalata yoyamba ndinailemba sabata lomwelo.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mkazi wake akafika pachitsime, nkhani zinkatha. Mu minibasi ya ku Chongwe anthu ankakumbatira zikwama zawo akaona chipewa chija. Ndinapempha kuti gulu liime pabwalo lomwe lija n'kuuza anthu kuti mbali ija tinachita kumupatsa. Tcheyamani anandiyankha pakamwa kuti anthu si ana, adzaiwala.

Chimanga chitafika m'chiuno, ng'ombe ziwiri zolimira zinasowa kutsidya kwa mtsinje. M'mawa mwake amuna asanu anazungulira munda wa mwana wa mlongo wanga akuyang'ana pansi, nkhwangwa zili paphewa ngati akupita kokadula mitengo. Ndinawapatsa moni. Mmodzi yekha ndiye anayankha.

Patapita masiku awiri, mwana wa mlongo wangayo anapeza chingwe chitapachikidwa pamtengo wa pakhomo pake. Anabwera nacho kwa ine. Ndinachizindikira ndi mfundo ziwiri za kunsonga, poti ndinamanga ndine. Chinali cha m'sewero, ndipo malo ake anali m'bokosi la gulu, limene kiyi wake ankasunga a komiti.

Anachoka chimanga chake chisanache. Ndinawaperekeza pamsewu, mkazi wake atasenza mphasa ndi mapoto. Chipewa anachisiya kwa ine. Ng'ombe zija sizinapezeke, ndipo anthu anati kuthawa kwake ndiwo umboni. Lamulo lachinayi linadulidwa mzere ndi cholembera chimene si changa.

Papita zaka zinayi. Munda wake wamera tchire, ndipo ena ayamba kuyeza malire ake ndi maso. Mwezi watha mwini mundayo anandilembera, akufunsa ngati angabwerere kudzalima chaka chino. Kalata yake ili pamwamba pa zinazo. Sindinamuyankhe, chifukwa amuna asanu aja akadali konkuno, ndipo mmodzi tsopano ali mu komiti.

Choncho ndikupempha komiti ya gulu, mwaulemu ndiponso kachisanu ndi chiwiri, kuti indiyankhe molemba mvula isanagwe: anatulutsa chingwe m'bokosi ndani, ndipo ndi Lamlungu liti limene mudzaime pabwalo kuuza anthu kuti mbali ija munamupatsa ndinu.