Dzungu la Madzi la Akhukhi

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo chifukwa chake musandifunse, ndinatopa kuyankha. Zomwe ndikulemba pano ndi za bambo wina amene ndinamuchotsetsa ntchito. Chisoni sindinamvepo mpaka lero.

Nditasiya sukuluyo ndinalowa ntchito ku Nkhudzi, m'nyumba ya abwana ena amene anapuma ntchito m'boma. Iwo ndi adona awo sanali a kuno, anangodzamanga kunyanja. Antchito tinali atatu. Panali akhukhi, bambo wa mimba yaikulu amene ankati anaphikirapo azungu m'mahotela a ku Blantyre. Panali ine, wotsuka mbale ndi kusenda anyezi, amene akhukhi ankandiitana kuti "iwe Fomu Thuu". Ndiye panali mayi wochapa zovala, wothawa nkhondo ku Mozambique. Anawoloka malire cha ku Mandimba atasenza beseni limodzi, nakafikira kwa achibale ku Lungwena m'malo mopita ku kampu. Anali Myao ngati ife, ndipo ine ndinkawaitana kuti achemwali. Chikalata chilichonse analibe, n'chifukwa chake galimoto yachilendo ikalowa pageti ankazemberera kuseri kwa zingwe zoyanikira.

Abwana anali ndi matenda a shuga, koma mtima wawo unali pa chokoleti. Anachizolowera ali kunja ku maphunziro. Adona, amene kale anali namwino, ankatsekera shuga m'kabati, ndipo kiyi wina anali ndi akhukhi okha chifukwa cha makeke a alendo. Mwana wawo ankatumiza chokoleti chakuda chopanda shuga ndi chitini cha koko. Abwana akalawa ankalavula.

"Ichi n'chokoleti kapena kwinini?" ankatero, kenaka tsiku lonse n'kumakalipira aliyense, ngakhale galu.

Tsiku lina akhukhi atapita kukagula nyama ku Monkey Bay, achemwali anandikodola.

"Mwali, kwera padenga unditsitsire dzungu. Usatenge lokongola. Tenga lomwe chikhadabo chako chikanike kulowa."

Padenga la nyumba yathu ya antchito panali maungu amene achemwali anaika okha nthawi yokolola, kuti dzuwa liwamwe madzi. Ali mtsikana anagwirapo ntchito kwa Apwitikizi ku Lichinga, ndipo n'kumene anaphunzira zimenezi. Dzungulo sanaliike mumphika. Analidula pakati, nachotsa nthanga, naligoneka chafufumimba mu uvuni mpaka linafewa ndi kupserera m'mbali. Analikanda pa sefa, kenaka analiumitsanso pachiwaya moto uli pang'ono, akutakasa mpaka linayamba kusiya chiwaya lokha.

"Madzi ndiye mdani," anatero. "Dzungu likapsa chouma limatulutsa shuga wakewake. Ukaliwiritsa, wataya zonse."

Anasungunula chokoleti chowawa chija m'mbale yokhazika pa nthunzi, nasakaniza ndi dzungu, nsinjiro zokazinga, kauchi ka nsonga ya supuni ndi kamchere. Zitazizira mu furiji, anaumba timibulu ngati mazira a njiwa, natigubuduza mu koko. Ndinalawa kamodzi, ndinanyambita ndi zala zomwe.

Akhukhi atabwera analawanso, natafuna nthawi yaitali. Kenaka anasanja timibuluto pa mbale yoyera, navala chipewa chawo, nalowa nato m'nyumba. Ndinamva ndi makutu anga.

"Adona, ndayesako kanthu kena ka ku hotela. Mulibe shuga."

Abwana anadya tiwiri, adona anawalanda mbale, ndipo tsiku limenelo galu sanakalipiridwe. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse achemwali ankapanga, akhukhi ankanyamula. Abwana anawagulira akhukhiwo mpaka njinga, ati kuthokoza. Ine zinkandiwawa.

"Achemwali, bwanji osanena?"

"Ndinene kuti andione? Ine ndikufuna ndisamaoneke, mwali. Mleke adye kutamandidwako, akhute."

Zinayenda choncho miyezi ingapo. Kenaka tsiku lina abwana anakumana ndi achemwali pampopi, naona zikhadabo zawo zili bii ndi koko. Anaseka n'kunena kuti, "Kodi wochapa wathu walowa kukhitchini?" Akhukhi anali pomwepo, ndipo nkhope yawo ndinaiona. Sabata isanathe, galimoto ya boma inalowa pageti. Anthu amene anatsikamo sanafunse kanthu m'nyumba, analunjika ku zingwe zoyanikira ngati pali wina anawajambulira mapu. Achemwali anakwera manja ali ndi thovu la sopo. Malaya a abwana anatsala m'beseni.

Madzulo ake akhukhi ankaimba mluzu.

"Dziko lili ndi eni ake, Fomu Thuu," anandiuza. "Aliyense azikhala pomwe anamuika."

Ndinakwera padenga, ndinatsitsa maungu awiri amene anatsala, ndinawakankhira kunsi kwa bedi langa.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwake kwa ku Mangochi kosungunula ndi kandulo yemwe. Abwana anaitana anzawo a ku Blantyre, mmodzi mwa iwo dokotala, kuti adzalawe zodabwitsa za khukhi wawo. Akhukhi sanatekeseke. Ankaona achemwali akuumba timibulu, koma za dzungu sankaziyang'ana, poti kwa iwo dzungu n'chakudya cha azimayi akumudzi. Atapeza padenga palibe kanthu, anapalasa njinga yawo ya mphatso kupita ku madimba a m'mbali mwa nyanja, nabwera ndi chidzungu chachikulu chonyezimira, chothyoledwa m'mawa womwewo. Ndinachikanda ndi chikhadabo, chinalira madzi.

"Konza monga ankakonzera mayi uja," anandilamula.

"Ine ndinkangotsuka mbale. Akhukhi ndinu. Ndiuzeni chochita."

"Dzungu ndi dzungu, chitsiru iwe. Amako amaphika bwanji? Thira madzi, vundikira."

Ndinathira madzi, ndipo sindinaumire. Ndinavundikira bwinobwino.

Atasakaniza ndi chokoleti, zinatuluka ngati phala la mwana. Anaika mu furiji, natulutsa, zili chomwecho. Anayesa kuumba, zinkadontha pakati pa zala. Galimoto ya alendo inali itafika kale, ndipo thukuta linkawatsikira m'khosi. Ndiye anachita zomwe aliyense wa ife amachita phala likachuluka madzi: kuwonjezera ufa. Anathira wa tirigu. Zinalimbako, koma kukoma kunathawiratu. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mbale zanga. Anatulutsa kiyi, natsegula kabati, nakhuthulira paketi yonse ya shuga wosalala wa makeke uja.

"Waona chiyani?"

"Palibe, akhukhi."

Ndinkadziwa chimene shuga ameneyo akanawachita abwana. Ndikanatha kuthamangira kwa adona nthawi yomweyo. Koma akhukhi akanataya zonse kudzala, n'kunena kuti chokoleti chinaonongeka ndi kutentha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinkafuna mbaleyo ifike pakhonde, pamaso pa anthu.

Inafika. Akhukhi anainyamula okha, chipewa chili njo. Ine ndinatsatira ndi jagi ya madzi. Abwana anali akufotokoza kale kuti khukhi wawo waposa madokotala. Anatola kambulu kamodzi. Ndinadikira mpaka dzanja linadutsa chibwano.

"Adona, muli shuga umo. Paketi yonse."

Adona anamenya dzanja la amuna awo, kambulu kanagwera m'kapu ya dokotala. Anatola kena, nalawa, nalavulira m'dzanja. Sanakweze mawu.

"Bambo, mukufuna kundiphera mwamuna?"

"Ndi mtsikanayu, adona! Wathira ndi iyeyu. Ana osiya sukuluwa..."

"Kiyi ali ndi ndani?" ndinafunsa.

Ndinathamangira kuchipinda kwanga, ndinabwera ndi dzungu limodzi la padenga, ndinalikhazika patebulo pakati pa makapu.

"Dzungu labwino ndi ili. Apange pamaso panu, poti akhala akupanga Loweruka lililonse."

Tonse tinalowa kukhitchini, ndi alendo omwe, poti anthu a m'tauni nawonso amakonda zoonerera. Akhukhi anadula dzungu lija. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anatenga mphika, napita nawo pampopi. Ine ndinaseka. Ndinaseka kwambiri moti adona anandiuza kuti nditseke pakamwa. Ndinawalanda akhukhi mpeni, ndinayatsa uvuni, ndipo pomwe dzungu linkapsa ndinanena zonse: amene ankapanga, amene ankanyamula mbale, ndi amene ankaimba mluzu tsiku la galimoto ya boma.

Akhukhi anachoka m'mawa mwake. Pomanga katundu ndinawathandiza. Theka la chidzungu chawo cha madzi linali litatsala, ndiye ndinalimangirira pakaliyala wa njinga ndi mphira, mfundo zitatu.

"Kamba wa panjira, akhukhi. Mukathire madzi, muvundikire."

Anatukwana mayi anga. Sindinadandaule.

Adona anayenda m'maofesi masabata atatu, ndipo tsiku lina anabwera ndi achemwali pagalimoto, achemwaliwo ataonda, ali ndi chikalata m'manja. Anawapatsa khitchini. Nditawafotokozera achemwali zonse ndinkayembekeza kuti andiyamikira. M'malo mwake anandifunsa funso.

"Ukanachedwa pang'ono, mwali? Munthu akanadya."

"Sindinachedwe."

"Ukanachedwa?"

"Ndati sindinachedwe."

Sanandiyankhulitse mpaka madzulo. Panopa akuti nkhondo ikutha kwawo, ndipo achemwali ayamba kale kunena zobwerera ku Lichinga. Timibulu timapanga tonse Loweruka, abwana amadya tiwiri, adona amawalanda mbale. Funso lawo lija amalibwerezabe nthawi zina tikamakanda dzungu pa sefa, ndipo yankho langa silinasinthe. Akhukhi ndinamva kuti amakazinga chipisi pa depoti ku Mangochi. Ndinapitako dala kamodzi, ndinaima patsogolo pa chiwaya chawo mpaka anandiona, ndipo ndinagula kwa wa pambali pawo.