Masamba Amene Msilikali Anasuta

Estêvão anali mwana wa munthu wogwira ntchito panjanji ku Cuamba, mayi ake Mnyanja wa ku Mandimba. Boma litamutumiza ku Cuba kukaphunzira, anzake amene anapita nawo anabwerako ndi mawailesi ndi nsapato zonyezimira. Iye anabwerako ndi buku limodzi la Chisipanishi, ndi chizolowezi choyankhula ndi manja, moti mayi ake ankati akuingitsa ntchentche.

Anayamba uphunzitsi nkhondo itafika povuta. Kutsogolo m'kalasi mwake kunkakhala ana a panjanji, othyola Chipwitikizi. Kumbuyo kunali ana othawa nkhondo ku Ngauma ndi ku Itepela, ana a alimi a chimanga ndi fodya. Awa ankangoti duu. Mabuku a sukulu ankanena za nyanja yamchere ndi nyumba zosanja, zinthu zimene sanazionepo, ndipo mmodzimmodzi ankasiya sukulu kukagulitsa nkhuni kusiteshoni. Zinkamuwawa Estêvão.

Tsiku lina anatseka chitseko, poti m'kalasi munkafunika Chipwitikizi chokha, n'kuyamba kuwamasulira buku lake lija m'Chinyanja. Inali nkhani ya banja lolima fodya kutsidya la nyanja. Asilikali anawatenthera chigafa, ndipo bambo anauza mkazi wake ndi ana kuti athawire kutauni, iye awapeza.

“Profesoro, kumeneko n'ku Itepela,” anatero mwana wina kumbuyo.

“Ayi, n'kutali, komwe ndinali ine.”

“Anakunamizani. Chigafa chimenecho n'cha a Gabrieli akwathu.”

Kuyambira pamenepo mabenchi akumbuyo anadzaza. Ngakhale ogulitsa nkhuni aja ankatula mitolo pakhomo n'kulowa.

Koma bukulo linalibe mathero. Pa ulendo wina, msilikali wa pachipata cha mumsewu anang'amba masamba omalizira n'kupichira fodya. Estêvão anali atawawerenga kale, ndipo ankadziwa kuti bambo uja sabwera. Kunena zoona, mumtima ankamuthokoza msilikaliyo. Akanawauza bwanji ana amene ankathamangira galimoto iliyonse yochokera ku Mandimba, kufunafuna nkhope za abambo awo? Ankaopa kuti akamva mathero otere, mabenchi aja atsalanso okha.

Atafika pong'ambika paja, anakweza bukulo m'mwamba. “Mathero anapita ndi utsi. Malizani nokha.”

Filipe, mwana wa woyendetsa sitima, m'mathero ake anabweretsa bamboyo pa sitima atavala suti. Wina anamupatsa mfuti ndi njinga yomwe. M'kalasi munali phwete.

Kenaka anaimirira Anastaziya wa ku Ngauma, mtsikana amene mawu ake ankamveka poyankha dzina pokha.

“Bamboyo sabwera,” anatero. “Amayi amadziwa, koma amamuikirabe mbale. Tsiku lina amaleka. Amatenga mbewu ya chimanga imene anathawa nayo pansonga ya kapulana, chitenje chawo, n'kudzala kuseri kwa nyumba ya eni ake. Chimamera.”

Umu ndi momwe bukulo linathera, mbale, mbewu, zonse, kungoti m'bukumo mbewuyo inali m'thumba la malaya. Wolemba amene sanamvepo n'komwe za Ngauma, ndi mwana amene sanaonepo nyanja yamchere, anagwirizana chimodzi! Estêvão anayang'ana ku mabenchi akumbuyo ndi mantha. Palibe analira, palibe anatuluka. Ankangogwedeza mitu, ngati anthu amene akumva zomwe akuzidziwa kale.

“Anakuuza ndani, mwana iwe?” anafunsa.

“Palibe, Profesoro. Mubwere kwathu mudzaone. Chimangacho chayamba kumasula.”

Estêvão anaphunzitsa ku Cuamba mpaka imvi, koma buku lathunthu sanalifunenso.