Chitseko Chimene Mayi Uja Anatseka

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaleka kuyankhula ndi amayi anga. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wamakani ngati mbuzi yokana chingwe. Tinkakhala kufupi ndi Mayani, kumene chifunga chimaphimba minda mpaka dzuwa litakwera, ndipo atate anali ku Joni.

Atsibweni anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi, anali atasiya tchalitchi chathu cha Akatolika n'kulowa mpingo wina umene unkakana kugula khadi ya chipani. Masiku amenewo kukana khadi kunali kudziitanira moto padenga, ndipo motowo sunkasankha, unkadya ndi nyumba za abale omwe. Tsiku lina achinyamata a chipani anafika ndi atsibweniwo pakhomo pathu atawamanga ndi luzi, mlomo ukuchucha magazi.

"Mayi," anatero wamkulu wawo, "tamva kuti uyu ndiye mwini mbumba pano. Ndi mlongo wanu?"

Amayi anayang'ana nkhokwe, anayang'ana ife ana awo. Kenaka anati, "Ine ndilibe mlongo."

Atsibweni anangoweramitsa mutu. Anapita nawo, ndipo sitinawaonenso.

Ndinadana nawo amayi, ndisakubisireni. Atsibweni ndiwo ankandinyamula paphewa powoloka mtsinje ukadzaza, ndiye munthu n'kuwakana ngati galu wachilendo? Kuyambira tsikulo pakamwa panga panatsekeka. Akandituma ndinkapita, akandifunsa ndinkagwedeza mutu, basi. Chisanu chonse chinatha chotero, ndipo ndinali nditatsimikiza mtima kuti mawu akuti "amayi" sadzatulukanso m'kamwa mwanga.

Kusukulu tinali ndi aphunzitsi athu a Kachingwe, amene Lachisanu masana ankatisimbira nthano zopeka okha, kenaka ife n'kuweruza anthu ake monga pabwalo la milandu. Tsiku lina anasimba za dziko la pansi pa phiri, kumene mitsinje imayenda chokwera mtunda. Kumeneko kunali chimphona cha diso limodzi, chimene chikathamangitsa munthu chinkameza ndi nyumba yomwe walowamo. Mlenje wina, chimphona chili pambuyo, anathawira kwa mlongo wake n'kugogoda. Mayiyo, ana ake ali m'nyumba, anatseka chitseko ndi mpiringidzo.

"Ndi nthano chabe, mwamva?" anatero aphunzitsi, diso lili kuwindo. "Musakanene kunja kuti ndatchula munthu. Tsono weruzani: mayiyu analakwa?"

Yusufu, mwana wa mwini sitolo, anaimirira. "Sanalakwe. Dziko la zimphona lili ndi malamulo ake. Sitingamuweruze ndi akuno."

"Bodza!" ndinakuwa osakweza n'komwe dzanja. "Choipa ndi choipa, kaya pansi pa phiri kaya pamwamba pake!"

Anzanga a m'kalasi anatembenukira kwa ine. Onse ankadziwa zakwathu. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Rozina, iwe m'nyumba yotere unakhalamo?"

"Ndinakhalamo."

"Unali wogwira chitseko, kapena wobisala kuseri kwa wogwirayo?"

Funsolo linandibaya, koma sindinagonje ayi.

M'mawa mwake ndinapita ndi amayi kudimba kukakumba mbatata ya kachewere. Dothi linali lozizira, zala zikuchita dzanzi. Pamenepo ndinatsegula pakamwa kwa nthawi yoyamba, osati mwachikondi koma kuti ndiwabaye. Ndinawasimbira nthano yonse, mpaka mawu a Yusufu, n'kufunsa mwachipongwe, "Nanga inu mukuti bwanji?"

Ndinkayembekeza kuti adziikira kumbuyo, kuti ndipeze powagwirira. Amayi anatula khasu.

"Analakwa," anatero. "Mnzakoyo asakunamize. Kulibe dziko, ngakhale la m'nthano, kumene kutsekera mlongo wako kunja kumasanduka chinthu chabwino." Anatola mbatata imodzi, n'kumaisasa dothi pang'onopang'ono. "Koma chimphonacho chitabweranso mawa, mayiyo adzatsekanso. Ndipo adzakhala atalakwanso."

Anatola khasu n'kupitiriza kukumba, misozi ikugwera m'mzere, osaipukuta. Ine ndinaima du. Mkangano umene ndinaukonzekera miyezi yonse ija unalibenso woulandira, pakuti mlandu anali atadziweruza okha kalekale, ndiponso mouma kuposa mmene ine ndikanathera. Patapita kanthawi ndinati, "Amayi, bweretsani dengu ndisenze."

Pano ndine wamkulu, ndipo ndikuona kuti ine ndi Yusufu tonse tinali ndi chilungamo chotchipa. Iye ankafafaniza cholakwa kuti mayiyo apume, ine ndinkafafaniza ana kuti mlandu uphweke. Amayi okha ndiwo anasenza zonse ziwiri, ndipo anamwalira nazo osatula. Sanalole ngakhale ansembe kuwauza kuti analibe chochita.

Lero ndili ndi ana anga, ndili ndi mlongo wanga amene ndimamukonda kwambiri. Ndimapemphera kuti asadzagogode pakhomo panga ali ndi chimphona kumbuyo, chifukwa chimene ndidzachite ndikuchidziwa kale.